Mbala Yomwe Inasamala Chingwe

Sajeni atafika pamalo omangapo nsanja ya wailesi Lolemba m'mawa, anapeza mlandu utazengedwa kale. Mlonda anali atakhazikidwa pa thumba la simenti, manja atanjatidwa ndi chingwe cha nayiloni. Mwini wailesiyo, bambo amene ankafuna kuti ngakhale agalu a mumsewu azimutchula kuti a Dayilekita, ankangozungulirazungulira, thukuta lili kamukamu chonsecho kunja kunali mitambo.

"Nayo mbala yanu, a Sajeni," anatero a Dayilekita. "Kaitsekereni. Koma ndineneretu, munthuyu ndilibe naye ntchito. Ine ndikufuna eriyo yanga, apo ayi kalata ya kupolisi yoti ndaberedwa. Chimodzi mwa ziwirizi, lisanakwane Lachisanu."

"Yambani mwamumasula," anayankha Sajeni. "Yomanga anthu ndi ntchito yanga, ndipo sindikukumbukira kuti ndinapempha wondithandiza."

Sajeni anali mayi wa mawu ochepa koma maso ambiri. Nkhani ya Lachisanuyo ankaidziwa kale, monga aliyense m'tauniyo. A Dayilekita anapatsidwa chiphaso choulutsira mawu komanso chotumizira mauthenga ku timakina tolira m'thumba, toitanira anamwino ndi oyendetsa ambulansi kuseri kwa mapiri kumene foni siigwira. Koma chiphasocho chinali ndi malire ake: nsanja iime, eriyo ikwezedwe pamwamba, mawu amveke pofika Lachisanu. Kupanda apo chiphaso chitha, mpatawo upatsidwa ena amene ankaudikira malovu ali chuchuchu. Nsanja inali itaima ndithu, yofiira ndi yoyera, nsonga ili m'mitambo. Chotsala chinali kukweza eriyo, ndipo eriyoyo ndi imene inasowa.

Anayamba ndi pageti. Loko anali bwinobwino, wosaswedwa, wosakandika n'komwe. Mpanda wa waya unalibe poboola. Pansi pa kashedi ka malata panali bokosi lathabwa lili kukamwa yasa, lopanda kanthu. Loweruka amisiri anali atalumikiza eriyo ndi chingwe chake pansi pomwepo kuti aiyese asanaikweze, ndipo anazisiya choncho.

Chingwecho chinalipo. Chinali chakuda, chonenepa ngati dzanja la mwana, chokulungidwa pa chigudumu chake, ndipo mkati mwake munali kopa yekhayekha. Sajeni anachiyang'ana nthawi yaitali. M'zaka zake zonse za upolisi anali asanaonepo mbala yosiya kopa n'kunyamula zitsulo zopepuka zimene wogula zitsulo zakale sangazidzukire pampando.

Kenaka ananjuta n'kunyamula nsonga ya chingwecho. Sichinadulidwe. Munthu anachita kuchimasula pa eriyo mwaulemu, ndipo atatero anakulunga kukamwa kwake ndi tepi yakuda kuti madzi a mvula asalowe. Kumapeto kwa tepiyo anapinda kamchira, koti wodzamasula adzapeze pogwira.

Sajeni anayang'anitsitsa tepiyo. Kamchira kameneko ankakadziwa kuyambira ali pasukulu.

"Makiyi a pageti ali ndi ndani?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Ine, mlondayu, ndi wokwera nsanja wathu," anatero a Dayilekita. "Achimwene anu aja. Ndi awo aima apowo."

*

Achimwene ake a Sajeni anthu ankawatchula kuti a Nalimata, chifukwa pa chitsulo ankamatirira ngati kabuluzi ka pakhoma. Ndi amene analera Sajeni makolo atamwalira, ndipo m'chigawo chonsecho munalibe wina wololedwa kukwera nsanja yaitali chotero. Tsikulo anaima patsinde pa nsanjayo, manja onse ali m'matumba a ovolosi.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?"

"Tadzuka, a boma," anayankha ndi kanthabwala kawo ka masiku onse. "Wabwera kudzatimanga?"

"Dzulo masana munali kuti?"

"Kunyumba, ndikumvera mvula padenga. Kafunse alamu ako."

Sajeni anabwerera pa chingwe chija kuti aonetsetse, ndipo apa mtima wake unatsikako pansi. Tepi ya achimwene ake ankaidziwa: anamukulungirapo chogwirira cha njinga, chingwe cha ayironi, ngakhale lamba wa chikwama cha kusukulu. Inkakhala yothina, yosalala, yozungulira kulowera kumanja, yodulidwa ndi mpeni. Iyi inali yopindikapindika, yozungulira kulowera kumanzere, ndipo kumapeto kwake kunali zipsera za mano. Wokulungayo anali wamanzere. Anali munthu amene anaonera ntchito kwa achimwene ake, koma sanali iwo.

Mlonda anapereka umboni wake akusisita m'mikono momwe munadutsa chingwe. Anali bambo wachikulire, wolankhula mozungulira ngati njira ya kumunda.

"Mayi, ine bodza ayi. Ndikanama pano Mulungu andione. Kanyumba kanga kaulonda kamadontha, ndinawauza abwanawa kalekale, akuti mawa, akuti mawa. Ndiye dzulo mvula ija itabwera ndi ukali, ndinati ndife ndi chibayo chifukwa cha zitsulo za eni? Ndinakhoma geti, ndinakabisala pakhonde la golosale tsidya la msewu. Kulakwa ndinalakwa, sindikukana."

"Munaona galimoto ikulowa?"

"Galimoto ayi. Ngolo ayi. Wilibala ayi. Mvula inali yoti munthu sungaone chala chako, komabe galimoto ndikanaimva."

"Nanga munthu wapansi?"

Mlondayo anakanda m'mutu. "Mwina chithunzithunzi, mayi. Cha munthu wa jasi lamvula. Koma maso angawa ndi a kale, ndisamunamizire mwana wa mwini."

Sajeni ankafuna kumusiya apite kwawo. Koma a Dayilekita anali ataimbira kale foni mkulu wa polisi, ndipo lamulo linatsika loti mlonda akhale m'chitolokosi mpaka katundu apezeke. Mlondayo akukwera galimoto ya polisi anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti wina akauze mkazi wake asamudikirire.

*

Ku ofesi ya ziphaso Sajeni analandiridwa ndi mayi wa magalasi, wolankhula ngati akudula nsalu ndi lumo.

"A Dayilekita tinawawonjezera kale nthawi kamodzi, chifukwa cha mvula. Kachiwiri sitiwonjezera mwachisawawa."

"Koma zimatheka?"

"Zimatheka ngati chowachedwetsa chachokera kunja kwa mpanda wawo. Madzi osefukira. Moto. Akuba. Pa akuba timafuna kalata yanu, yonena kuti anaba ndi anthu akunja."

"Nanga atakhala kuti waba ndi wantchito wawo?"

Mayiyo anatsitsa magalasi n'kumuyang'ana pamwamba pake. "Imeneyo ndi nkhani ya m'nyumba mwawo. Wantchito anamulemba okha. Sitiwonjezera ngakhale ola."

"Ndiye mlonda akapezeka wolakwa, chiphaso chapita?"

"Chapita. Kodi a Dayilekita anu aja anaganiza kaye asanamange mlonda wawo yemwe?"

Sajeni anatuluka muofesimo mutu utaima. Munthu woba eriyo n'kusiya kopa sankafuna chogulitsa. Ankafuna nthawi. Ndipo woyamba kupindula ndi nthawi anali mwini chiphaso. Anabwerera kwa a Dayilekita n'kuwaponyera makiyi a galimoto mwadzidzidzi. Anawawakha ndi dzanja lamanja. Atawapatsa tepi kuti akulunge chingwe, anaikulunga ngati akumanga bala la ng'ombe, kamchira osakadziwa n'komwe. Komanso Lamulungu lonse anali pa ukwati wa mphwawo, akuvina pamaso pa anthu odzaza holo.

"Inu mukuyesa ndingadzibere ndekha?" anakalipa. "Zonse zinali m'malo! Lolemba lomweli achimwene anu amayenera kukwera. Ndikanafuniranji nthawi ina?"

Lachiwiri lonse Sajeni anasakasaka amanzere. Anayendera amisiri onse amene anagwirapo ntchito ndi a Nalimata: wowotcherera zitsulo, wamagetsi, wopenta nsanja. Aliyense ankamupatsa cholembera kuti asaine, maso ali pa dzanja. Wamanzere anapezeka mmodzi yekha, wamagetsi, koma mwendo wake unali mu pulasitala kuyambira mwezi watha, ndipo anaseka mpaka misozi atamva kuti akumuganizira zonyamula eriyo pamvula.

Pofika Lachitatu Sajeni anali atasowa mtengo wogwira. Mlonda anali atayamba kutsokomola m'chitolokosi, mkazi wake atakhala pakhonde la polisi kuyambira m'mawa, wosalankhula, wosapempha kanthu, kumangoyang'ana aliyense wotuluka. A Dayilekita ankaimba foni ngati wotchi. Sajeni anaganiza zopita kwa achimwene ake, osati ngati wapolisi, koma ngati mwana amene wathedwa nzeru, kuti mwina angakumbukire wamanzere wina amene anamuphunzitsa ntchito.

*

Anapeza alamu ake akuchapa kuseri kwa nyumba. Anali mayi wansangala masiku onse, woti ukafika umayamba waseka usanakhale pansi, koma tsikulo moni wake anali wa pakamwa pokha.

"Alamu, Lamulungu masana achimwene anali pakhomo?"

"Anali pakhomo." Anafinya malaya, maso ali m'beseni. "Kungoti anatulukako pang'ono. Kukawongola miyendo."

"Pamvula ija?"

"Mumawadziwa achimwene anu."

Pa chingwe choyanikira panali masikipa okhaokha. Sajeni anadabwa, chifukwa achimwene ake anali munthu wa malaya a mabatani, wonena kuti sikipa ndi chovala cha anyamata a mpira. Anafuna kufunsa, koma mawu a eni ake anamveka m'nyumba.

"Kodi ndi a boma? Lowa, tiyi wapsa."

Anakhala pa tebulo lomwe lija Sajeni ankalemberapo ntchito ya kusukulu. A Nalimata anamvetsera nkhani ya amanzere akugwedeza mutu, n'kunena kuti sakukumbukira aliyense. Dzanja lawo lamanja linali pa ntchafu, pansi pa tebulo. Anathira shuga ndi lamanzere, wina n'kutayikira pambali. Anatakasa ndi lamanzere. Atafuna kutsegula paketi ya mkaka, anaigwira ndi lamanzere n'kuing'amba ndi mano.

Sajeni anayang'ana paketiyo, zipsera za mano zili mbuu pakona pake, kenaka anayang'ana alamu ake amene anaima pakhomo la kukhitchini. Mayiyo anali akulira mopanda mawu.

"Achimwene," anatero Sajeni, "tandipatsirani supuniyo. Ndi dzanja lamanja."

A Nalimata anayang'ana supuni, anayang'ana mlongo wawo, kenaka anamwetulira kumwetulira kosafika m'maso.

"Imwa tiyi, mwana iwe. Akuzizira."

*

Munthu wa dzanja limodzi sangapite patali ndi eriyo. Lachinayi m'mawa Sajeni anabwerera kunsanja yekha, ndipo sanayang'anenso kugeti koma mkati mwa mpanda. Kuseri kwa mulu wa mchenga kunali kalavati wotulutsa madzi, kukamwa kwake kutatsekedwa ndi lata lakale. Atasuntha latalo anaona zigawo zonse za eriyo zitagonekedwa pa matabwa kuti zisakhudze matope, zitafunditsidwa pulasitiki. Polumikizira pake paliponse panali tepi yakuda, ndi kamchira kake.

Anakhala pansi pamchengapo, yunifolomu ndi yunifolomu. Akanakonda akanapeza kalavatiyo ali wopanda kanthu.

"Ndinadziwa kuti ufika," anatero mawu kumbuyo kwake. A Nalimata anali ataima potero, chikwama cha malamba okwerera chili paphewa lamanzere. "Tepi ija ndi imene yandigulitsa, eti? Ndinayesa kuchoka osakulunga. Ndinafika mpaka pageti. Koma chingwe chimene chija chikamwa madzi ndiye kuti chatha, ndipo miyendo inakana."

"Linayamba liti dzanjali?"

"Sabata yatha, ndili pamwamba penipeni. Ndinangoona sipanala yagwa yokha. Ndinati ndigwire chitsulo, zala osamva. Ndinatsika ndi dzanja limodzi ndi mano, pansi anthu akuwomba m'manja kuti a Nalimata amatsika mwa sitayilo." Anaseka pang'ono. "Adokotala akuti ndi mtsempha. Akuti mwina libwerera, mwina ayi. Akuti tidikire."

"Bwanji osangowauza a Dayilekita?"

"Kuti aitane ndani? Okwera ena ali kutali, ndipo ntchito zawathinira mpaka mwezi wamawa. Kudwala kwa wantchito ku ofesi ya ziphaso sakuwerengera, ndinafunsa mozemba. Koma akuba amawawerengera. Ndinati eriyo ikasowa, iwe ulemba kalata, nthawi iwonjezedwa, dzanja lipeza mpata wobwerera. Eriyo idzapezeka yokha, aliyense osavulala." Anayang'ana nsanja kuyambira pansi mpaka kunsonga. "Komanso wokwera akangomveka kuti dzanja lafa, ndiye kuti wafa yense. Palibe amene angadzandipatsenso ngakhale makwerero a nyumba."

"Aliyense osavulala? Mlonda ali m'chitolokosi, achimwene! Akutsokomola. Mkazi wake wakhala pakhonde pathu ngati pamaliro."

A Nalimata anaweramitsa mutu. "Zimenezo sindinaziganize. Sindigona nazo."

Sajeni anayesa njira zonse m'mutu mwake, ndipo iliyonse inkathera pakhoma. Akalemba kuti anaba ndi anthu akunja, ndiye kuti wanama ndi dzanja lake, ndipo mkulu wa polisi sangatulutse mlonda amene anasiya geti popanda wina wolowa m'malo mwake. Akalemba zoona, chiphaso chapita, anamwino a kuseri kwa mapiri apitiriza kuitanidwa ndi munthu wa njinga, ndipo amene anamulera alowa m'ndende. Ankafuna kukalipa, koma panalibe womukalipira. Dzanja silimva kukalipa.

"Ilipo njira ina," anatero a Nalimata, ngati amva maganizo ake. Anatsitsa chikwama chija pansi. "Ukanene kuti waipeza m'kalavati, akuba anaibisa kuti adzaitenge bwino. Wakuba sanapezeke. Mlonda atuluka lero lomwe. Mawa m'mawa ine ndikwera, ndiimanga, mawu amveka dzuwa lisanalowe. Nkhani yatha."

"Mukwera ndi chiyani?"

"Ndakwera nsanja zambiri kuposa zaka zako. Thupi limadziwa lokha."

"Valani lambayo ndione."

"Mwana iwe..."

"Valani, achimwene."

Anatulutsa lamba wokwerera, anamuponya m'chiuno ndi dzanja lamanzere, n'kuyamba kulimbana ndi chomangira chake. Chomangiracho chimafuna manja awiri, lina kugwira, lina kukoka. Anakweza phewa lamanja kuti dzanja lifike, zala zinangokhudza chitsulocho n'kutsetsereka. Anayesanso. Anawerama kuti akoke ndi mano, koma lamba wa m'chiuno mano safikako. Lambayo anagwa pamchenga, zitsulo zake zikulira.

"Mawa lidzakhala bwino," anatero, akupuma mwabefu. "M'mawa limamvako pang'ono. Alamu ako adzandimangira kunyumba."

"Nanga pamwamba adzakumangirani ndani? Mukamasuntha ngowe kuchoka pa chitsulo china kupita pa china, mudzagwira ndi chiyani?"

Sajeni anawaona m'maso, ndipo ankawadziwa. Anali munthu amene anagulitsa njinga yake kuti mlongo wake asasiye sukulu, osauza aliyense mpaka chaka chitatha. Akanena kuti akwera, akwera. Angawaletse bwanji? Akawauza a Dayilekita za dzanjalo, bambo amene uja, Lachisanu litamufika pakhosi, adzangofunsa kuti, "Inu a Nalimata, mukuti mutha?" ndipo iwo adzati atha. Akabisa malamba, adzabwereka ena. Akagwada n'kulira, adzamusisita pamutu n'kumuuza kuti amwe tiyi.

Foni inalira m'thumba mwake. Anali a Dayilekita. Anaisiya ilire mpaka inatopa yokha.

Panali malo amodzi okha m'tauni yonseyo amene munthu sangatulukemo Lachisanu m'mawa kukakwera nsanja. Sajeni anaimirira, anasasa mchenga pa siketi yake, n'kumasula unyolo pa lamba wake.

A Nalimata anauyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire nkhaniyi nkhope yawo inagwa.

"Usatero, mlongo wanga. Chiphaso chipita. Dzina langa lipita. Undisiyira chiyani?"

"Ndikusiyirani moyo, achimwene. China ndilibe."

"Ndiwe mwana wanga iwe."

"Ndikudziwa." Misozi inali ikutsikira pa kolala ya yunifolomu, ndipo sanaipukute. "Ndikukumangani pa mlandu wobisa katundu wa abwana anu ndi kunamiza apolisi. Bweretsani manja."

Mphepo inkaliza nsambo za nsanja pamwamba pawo. A Nalimata anapumira m'mwamba n'kutambasula dzanja lamanzere. Sajeni analimanga, n'kudikira linalo.

Phewa linagwedezeka, koma dzanjalo silinabwere. Sajeni anawerama, analinyamula yekha pambali pa ovolosi, lolemera ndi lofunda ngati mwana wogona, n'kulilowetsa mu unyolo pang'onopang'ono kuti lisapweteke, ngakhale ankadziwa kuti silikumva kanthu.